CIFUKWA CAKE BATIRE LA LAPUTOPU LIMATUPA

M'maofesi ambiri, ndi m'nyumba momwe, muli makina aja ochedwa laputopu amene eni ake amawalumikiza ku magetsi nawasiya comweco, mwezi ndi mwezi, osacotsa cingwe. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu ena a makinawa amayamba kuonetsa zacilendo. Akaikidwa pa tebulo amatsimphina ngati mpando wa mwendo umodzi waufupi. Civundikiro cake sicitsekeka bwino. Kabwalo kaja koyendetsapo cala kamatukuka, nikakana kudinidwa. Zikatero ndiye kuti batire liri m'katimo latupa.

Batire limeneli ndi la mtundu wa lithium, umene kampani ya Sony ya ku Japan inayamba kugulitsa m'caka ca 1991. M'malaputopu opyapyala a masiku ano siliikidwa m'zitini zolimba iai, koma m'timatumba tathyathyathya tofewa, tomatidwa mbali zonse, ndipo m'kati mwake muli madzi a mankhwala. Kathumba kali konse kakadzala kamafika pa mphamvu ya mavolti 4.2, kapena kupitirirapo pang'ono. Tsono pa mphamvu yaikuru yotere madzi aja sakhala mwamtendere: amaonongeka pang'ono pang'ono, natulutsa mpweya. Mpweyawo ulibe potulukira. Ali yense amene anaonapo cigubu ca mowa wowira citatsekedwa pakamwa adziwa cimene cimatsatira.

Ambiri amayesa kuti magetsi amangothiridwabe m'batire kufikira litasefukira, koma si momwemo. M'makinamo muli kacida kamene kamatseka njira batire likadzala. Cimene cimalikalambitsa ndico kukhala lodzala usana ndi usiku, monga uta umene mlenje wausiya cikokere nyengo yonse ya dzinja. Amene anazolowera batire la galimoto amadabwa nazo zimenezi, pakuti lija limakonda kukhala lodzala ndipo limaonongeka likasiyidwa lopanda moto. La lithium khalidwe lake ndi lina. Limapuma bwino likakhala pakati.

Mdani wina, woposa woyambayo, ndiye kutentha. A kampani ya Apple amati makina ao ayenera kugwira nchito pamalo ofunda madigiri 10 kufikira 35, koma m'cigwa ca Luangwa mwezi wa October dzuwa limafika pa 40. Munthu akaika laputopu pa bulangeti, natseka timabowo totulukira mphepo, uku batire liri lodzala, ndiye kuti waphatikiza adani awiriwo pamodzi.

Opanga makinawa anaizindikira nkhaniyi. A Lenovo, ASUS ndi Dell anaikamo njira yakuti mwini wake alamule batire kuima likafika pa magawo 60 kapena 80 mwa 100, makinawo nayendabe ndi magetsi a pakhoma. A Apple nawo anaonjezamo cosamalira batire m'caka ca 2020. Cacisoni ncakuti njirayi yabisika m'kati mwa zosankha za makina, ndipo ogula ambiri sauzidwa za iyo. Laputopu yoti isungidwe miyezi yambiri osagwira nchito iyenera kuzimitsidwa batire liri ndi theka la moto wake. Koma malangizo akale aja akuti batire lizitheratu lisanadzazidwenso anali a mabatire a nickel. La lithium limapwetekeka nawo.

Komabe nzeru imeneyi siyenera munthu ali yense mofanana. M'caka ca 2024 cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ndipo malo ambiri m'Zambia anali kukhala opanda magetsi maora oculuka pa tsiku. Mphunzitsi kapena kalaliki wokhala pamalo otere sangauzidwe kuti aime pa magawo 60, pakuti magawo otsalawo ndiwo amene adzatsirize nawo nchito yake mumdima. Iyeyu adzaze ndithu; batire lake limatsika lokha tsiku ndi tsiku, ndipo cimene angacite ndi kulisunga pozizira. Woyenera kuika malire ndiye wa mu ofesi ya jenereta kapena ya magetsi a dzuwa, amene cingwe cake sicicoka pakhoma.

Batire likatupa siliphwanso. Ena amalibaya ndi singano kuti mpweya utuluke, ena amalipanikiza ndi mabuku olemera kuti civundikiro citsekeke. Zonsezi nzoopsa, cifukwa mankhwala a m'katimo amayaka, ndipo moto wake ngwobvuta kuzima. Mwini wake acotse cingwe, azimitse makinawo, ndi kupita nawo kwa mmisiri wodziwa, lisanaswe kabwalo kaja kapena mabatani olembera, pakuti kukonza zimenezo kumadya ndalama zina pamwamba pa mtengo wa batire latsopano. Lakale lija lisatayidwe kudzala kumene zinyalala zimatenthedwa. Liikidwe pa mcenga kapena pa simenti, pamthunzi, kutali ndi udzu ndi ana, kufikira litapititsidwa kwa otola zida zakutha za magetsi.