Kusankha Limu ndi Kuika Matayala Opanda Chubu pa Njinga ya Matayala Onenepa

Njinga za matayala onenepa, zodziwika ndi dzina loti fat bike, zinayambira kwa amisiri a ku Alaska ndi ku New Mexico m'dziko la America amene ankafuna kupalasa pa chipale chofewa ndi pamchenga, ndipo zinafala kuyambira mu 2005 pamene kampani ya Surly ya ku Minnesota inatulutsa njinga yotchedwa Pugsley. Matayala ake ndi otambalala mainchesi 3.8 mpaka 5, ndipo amapopedwa mpweya wochepa zedi, kawirikawiri pakati pa 5 ndi 10 pa muyeso wa psi, kuti tayala litambasuke pansi n'kumayenda pamwamba pa malo ofewa osatitimira.

Limu, yomwe ndi chitsulo chozungulira chogwira tayala, imapezeka kwambiri m'milingo itatu: mamilimita 65, 80 ndi 100. Limu yopyapyala imapepuka ndipo imasiya tayala lili lobulungira, zomwe zimathandiza pokhota panjira youma, pomwe yotambalala imaliyala tayala kuti liponde malo aakulu, ngakhale kuti imalemera ndiponso ingachititse tayalalo kukhula felemu kapena tcheni. Kwa munthu wa njinga imodzi yoyendera paliponse, ya mamilimita 80 ndiyo yoyenera.

Komabe chinthu chofunika koposa, chimene ogula ambiri sachiyang'ana n'komwe, ndi kaumbidwe ka m'kati mwa limu. Tayala lopanda chubu limasunga mpweya pokhapokha mlomo wake, womwe ndi mkombero wolimba wa m'mphepete, utakhala mothina pa kashelefu ka m'mbali mwa limu, ndipo popeza mpweya wa m'matayala amenewa ndi wochepa kwambiri moti sungaukankhe mlomowo mwamphamvu, ntchito yonse yougwira imatsalira kashelefuko. Limu yopanda kashelefu koumbidwa bwino imalola tayala kusuntha pokhota kapena likagunda mwala, mpweya n'kuthawa mwadzidzidzi. Ena amathana ndi vutoli pong'amba chubu chaching'ono m'litali n'kuchiyala pa limu, njira yomwe imagwiradi ntchito koma imabwezeretsa kulemera komwe munthu amakuthawa pochotsa chubu.

Poika tayala, mabowo onse a limu, a masipoko komanso aakulu aja amene opanga amaboola pochepetsa kulemera, amatsekedwa ndi lamba kenako ndi tepi yosadutsa mpweya yomatidwa popanda makwinya, pakuti kutayika kwa mpweya nthawi zambiri kumayambira pa tepi yomatidwa mothamanga. Valavu ikamangidwa, m'mphepete mwa tayala mumapakidwa thovu la sopo ndipo mpweya umalowetsedwa wambiri nthawi imodzi, makamaka ndi kompuresa, kufikira milomo yonse iwiri itakwera pa kashelefu, koma osapyola mulingo wolembedwa pa tayala kapena pa limu. Tayala likakana kukwera, limayamba lapopedwa lili ndi chubu m'kati, kenako chubucho chimatulutsidwira mbali imodzi, mlomo winawo uli chikhalire.

Pomaliza m'tayala mumathiridwa madzi a mphira, amene amaundana n'kutseka timabowo ta minga njinga ikuyenda. Madziwa amauma pakapita miyezi ingapo, makamaka kotentha, motero amafunika kuwonjezera, ndipo satha kutseka tayala long'ambika m'mbali, n'chifukwa chake wa ulendo wautali amanyamulabe chubu chimodzi.