Maliya wa kudambwe: mwambo kapena mwano?

Ng'oma zikasintha kamvekedwe pabwalo, amayi amene adabalalika pothawa Kang'wing'wi amayamba kubwerera mmodzimmodzi. Amadziwa kuti chilombo chikubwerachi sichithamangitsa munthu. Chimatulukira chitavala diresi ndi duku, nkhope yake ili yosalala ndi yoyererako, nthawi zina chitabereka mwana kumsana. Chimavina modekha, mosadumphadumpha, ndipo amayi amachizungulira akuomba m'manja, ena n'kumachifupa.

Dzina lake ndi Maliya.

M'midzi ya Achewa ku Dedza, Lilongwe, Dowa, Mchinji ndi Kasungu, ngakhale mwana wamng'ono amamudziwa guleyu. Koma dzinali silidabadwire kudambwe. Lidachokera m'tchalitchi. Ndi dzina la Maria, mayi wa Yesu, yemwe Akatolika amamulemekeza kuposa woyera wina aliyense. N'chifukwa chake Mkhristu wina akamva dzinali likutchulidwa pabwalo la gule mtima wake umawawa, pomwe mnansi wake, wobatizidwa ngati iye yemwe, amangoseka n'kupitiriza kuonerera.

Mkangano wa mtundu umenewu udagwedeza dziko lonse mchaka cha 2024, ngakhale kuti bwalo lake lidali kutali ndi kuno.

Pa 26 July chakacho, mzinda wa Paris ku France udatsegulira mpikisano wa masewero wa Olympics ndi chionetsero chachikulu pamtsinje wa Seine. Chapakati pa mwambowo, makanema adaonetsa gulu la anthu litandanda kuseri kwa thebulo lalitali. Pakati pawo padali mayi wina woseweretsa nyimbo, Barbara Butch, atavala chisoti chonyezimira chozungulira mutu, ndipo mbali zonse ziwiri kudali ovina, ena mwa iwo amuna ovala ngati akazi. Kenaka padatulukira woyimba Philippe Katerine, thupi lonse atalipaka utoto wobiriwira ngati mtambo, ali pafupifupi mbulanda.

Akhristu ambiri sadachedwe kuzindikira chomwe ankakhulupirira kuti akuchiona. Adati uku kudali kunyoza chithunzi cha Mgonero Womaliza chomwe Leonardo da Vinci adajambula pakhoma la nyumba ya amonke mumzinda wa Milan m'zaka za m'ma 1490, chithunzi chomwe makope ake adapachikidwa m'nyumba zambiri ngakhale kuno ku Malawi. Mmawa mwake maepiskopi a Katolika a ku France adatulutsa chikalata chodandaula kuti mwambowo udali ndi mbali zonyoza ndi kuseka Chikhristu. Kampani ina ya mafoni ya ku America, C Spire, idachotsa malonda ake pa mpikisanowo. Ngakhale akuluakulu a Chisilamu a ku Al-Azhar ku Egypt adadzudzula. Pa 3 August, likulu la mpingo wa Katolika ku Vatican nalo lidati lidamva chisoni ndi zina zomwe zidaonetsedwa.

Yemwe adakonza chionetserocho, Thomas Jolly, adakana. Iye adati maganizo ake sadali pa Mgonero wa Ambuye koma pa phwando la milungu ya Agiriki akale, ndipo munthu wopakidwa utotoyo ankaimira Dionysus, mulungu wawo wa vinyo. Mneneri wa okonza mpikisanowo, Anne Descamps, adati padalibe cholinga chonyoza chipembedzo chilichonse ndipo adapepesa kwa onse amene adakhumudwa. Koma moto udali utabuka kale. Jolly ndi Butch adalandira mauthenga owaopseza, ndipo mchaka cha 2025 khoti la ku Paris lidapeza anthu 7 olakwa pamlandu wozunza Jolly kudzera pa intaneti.

Kusiyana kwake ndi Maliya n'kwakuti ku Paris adakana, adafotokoza, adapepesa. Kudambwe sikuchokera chikalata.

Nkhondo ya sukulu ndi dambwe

Kuti munthu amvetse momwe dzina la mayi wa Yesu lidafikira pabwalo la gule, ayenera kubwerera m'nthawi yomwe amishoni ankafika m'chigawo chapakati. A mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa adatsegula Mvera mchaka cha 1889 ndi Nkhoma mu 1896. Ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers adamanga Mua, mmunsi mwa mapiri a Dedza, mchaka cha 1902, kenaka Likuni, Kachebere ndi Bembeke.

Onsewa adapeza mzinda uli kale ndi sukulu yake. Mnyamata ankakula pometa gule, mtsikana pochita chinamwali, ndipo maliro a munthu wamkulu sankatha popanda zilombo. Amishoni adaona nyau ngati chikunja chenicheni, makamaka kaamba ka nyimbo zotukwana, kuvina usiku ndi kupembedza mizimu ya makolo. Mkhristu wopezeka kudambwe ankadulidwa mumpingo kapena kuletsedwa masakramenti. Mafumu nawo adaona kuti sukulu ya mishoni ikuwalanda anyamata, ndipo mwana akaphunzira katekisimu sankamvanso za kwa namkungwi kapena wakunjira.

Akatswiri a mbiri yakale Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden, omwe adalemba za nkhaniyi mchaka cha 1972, adaonetsa kuti mkanganowu udafika pachimake m'zaka za m'ma 1920. Amishoni adapempha boma la atsamunda kuti lithetse nyau. Bomalo, poopa kuyambana ndi mafumu, silidavomere kuletseratu.

Apa ndi pomwe eni gule adagwiritsa ntchito chida chomwe amachidziwa bwino. Gule wamkulu ali ndi khalidwe lotenga chilichonse chachilendo chomwe chalowa m'mudzi n'kuchisandutsa chilombo. Adachita nazo choncho galimoto, adachita naye choncho mzungu wa boma, ndipo pambuyo pake adachita nayo choncho edzi. Anthu a m'Baibulo omwe ansembe ankawalalika sadasiyidwe. Kudatuluka Maliya, kudatuluka Yosefe, kudatulukanso Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, yemwe ena amati ndi Simoni Petulo pomwe ena amati ndi bwana wachitsamunda.

Uthenga wake udali wosavuta kumva kwa munthu wa m'mudzi: zomwe mukuzifuna kumishoni, kuno nakonso ziliko. Ngati kutchalitchi kuli chifanizo cha Maria chomwe chimangoima pakhoma, kubwalo kuli Maliya woyenda, wovina, woti amayi n'kumugwira dzanja. Padalinso kachipongwe kake, ndipo sikoyenera kukabisa. Kwa Achewa, omwe mbumba ndiye chuma ndipo kubala kuli ndi miyambo yake yolemera, chiphunzitso cha namwali wobala mwana osadziwa mwamuna chidali chinthu chododometsa, ndipo gule sadachiphonye.

Ndiye wansembe wa nthawi imeneyo akakwiya, sadali wopenga. Ankanyozedwadi. Koma yemwe ankanyozayo adali munthu wopanda nyuzipepala, wopanda sukulu, wopanda khutu la bwanamkubwa, amene adangotsala ndi ng'oma ndi bwalo. Ichi n'chimodzi mwa zomwe zikusiyanitsa Maliya ndi za ku Paris, komwe chionetsero chidakonzedwa ndi ndalama zankhaninkhani n'kuonetsedwa kudziko lonse m'dzina la mtundu wonse wa France.

Kubwerekana sikudathere pa zilombo. Eni gule ena adayamba kudzitcha Mpingo wa Aroni, potengera mkulu wake wa Mose yemwe adasula fano la mwanawang'ombe m'chipululu. Enanso amautcha gule kuti pemphero lalikulu. Mawu a m'tchalitchi adalowa kudambwe, ndipo sadatulukeko.

Maliya adasintha

Chodabwitsa n'chakuti Maliya wa lero sakuoneka ngati wonyoza. M'madera ambiri amatengedwa ngati chitsanzo cha mayi wabwino, wofatsa, wosamala mwana, ndipo ndi mmodzi mwa magule omwe amayi amamasuka nawo. Achinyamata ambiri omwe amamuonerera sadziwa n'komwe kuti dzina lake lidayamba ngati yankho kwa ansembe. Za yemwe ali mkati mwa diresilo, imeneyo ndi nkhani yosakambidwa pagulu, ndipo wofuna kudziwa amadziwa njira yake.

Chomwe chidasinthanso ndi bwalo. Kale gule ankatuluka pamaliro, pachinamwali ndi polonga ufumu, ndipo Mkhristu wosafuna kumuona ankangotseka chitseko. Dziko litalandira ufulu mchaka cha 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe ankanyadira Uchewa wake komanso ukulu wake wa mpingo wa Church of Scotland, adalola gule kuvina pamisonkhano ya chipani ndi pazikondwerero za dziko. Zilombo zidakwera malole kupita kubwalo la masewero. Mchaka cha 2005 bungwe la UNESCO lidalengeza gule wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kukhala chimodzi mwa zuma zapamwamba za chikhalidwe cha anthu padziko lonse. Chaka ndi chaka, chakumapeto kwa August, magule a m'maiko atatuwa amakumana ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia pamwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Izi zikutanthauza kuti lero mkulu wampingo, mayi wa chigwirizano kapena wa bungwe la amayi Achikatolika atha kupezeka atakhala pampando wa alendo pamwambo wa boma, gule n'kumavina patsogolo pake, iye osaitanidwira zimenezo. Ena amangoweramitsa mutu. Ena amaomba nawo m'manja, Lamulungu n'kukaimba kwaya.

Ku Mua adatsegula chitseko

Malo omwe nkhondo idali yoopsa ndi omwenso padachitika chinthu chomwe ansembe a m'ma 1920 sakadachilota. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, womwe udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udalimbikitsa mpingo wa Katolika kulemekeza zabwino za m'zikhalidwe za anthu. Ng'oma zidalowa m'tchalitchi ndipo Misa idayamba kuchitika m'Chichewa.

Mchaka cha 1967 kudafika wansembe wachinyamata wochokera ku Canada, Bambo Claude Boucher. M'malo mothawa dambwe, iye adaphunzira chilankhulo, adameta gule ndipo adapatsidwa mfunda wa Chisale. Mu 1976 adayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a KuNgoni pamishoni ya Mua, pomwe padadzamangidwa nyumba yosungiramo zakale ya Chamare. M'nyumbayi mudasonkhanitsidwa nkhope za gule zoposa 400. Mu 2012 adatulutsa buku lofotokoza magulewa lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance.

Maganizo a ku Mua adali akuti gule ndi sukulu ya makhalidwe: chilombo chimavina uchidakwa, chiwerewere, umbombo kapena ulesi kuti anthu aone kuipa kwake n'kuseka, kenaka n'kusiya. Si Akhristu onse adagwirizana nazo. Kwa ambiri a mipingo ya Chipentekoste, gule ndi ziwanda basi, palibe zokambirana. Sinodi ya Nkhoma ya CCAP nayo idasunga mwambo wake woti munthu sangakhale wa mgonero ndi wakudambwe nthawi imodzi. Ngakhale pakati pa Akatolika eni ake, alipo amene amaona kuti wansembe wometa gule adapyola malire.

Kudandaula kwa Akhristu otere sikuyenera kutayidwa ngati umbuli. Munthu amene m'mawa uliwonse amagwada n'kupemphera kolona, kutchula dzina la Maria kambirimbiri, ali ndi chifukwa chomvera kuwawa akaona dzina lomwelo litavala nsanza pafumbi, pakati pa nyimbo zina zomwe sangaziimbe pamaso pa apongozi ake. Kumuuza kuti ndi chikhalidwe chabe sikuchotsa ululuwo, monga momwe kutchula Dionysus sikudatontholetsere maepiskopi a ku France.

Nanga lamulo likuti chiyani?

Ku France, boma ndi mpingo zidalekana mwalamulo mchaka cha 1905, ndipo kunyoza chipembedzo pakokha si mlandu. Kuno zinthu n'zosiyanako. Malamulo aakulu a dziko lino amapereka ufulu wachipembedzo m'ndime 33, ufulu wolankhula m'ndime 35 ndi ufulu wotsata chikhalidwe chomwe munthu wasankha m'ndime 26. Koma malamulo a milandu, m'ndime 130, amaletsa kulankhula mawu, kuchita chizindikiro kapena kuika chinthu pamaso pa munthu ndi cholinga chopweteka mtima wake pa zachipembedzo. Palinso lamulo la mchaka cha 1968 loyang'anira zisudzo, makanema ndi zosangalatsa zina.

Mawu ofunika pamenepo ndi akuti cholinga. Wodandaula ayenera kuonetsa kuti wovinayo adachita dala kuti apweteke, zomwe n'zovuta pa gule yemwe wakhala akuvina mibadwomibadwo. Ndipo lamulolo silitchula Chikhristu chokha. Limateteza chipembedzo cha gulu lililonse la anthu, kotero mlaliki amene angalowe kudambwe n'kuononga zinthu zomwe eni ake amaziyesa zopatulika atha kukumana ndi ndime 127 ya malamulo omwewo.

Kawirikawiri nkhanizi sizifika kukhoti. Zimathera kwa nyakwawa, ndipo nthawi zambiri zimabuka pamaliro. Mkulu wina adameta gule ali mnyamata, adabatizidwa atakula, ndipo tsiku lomwe wamwalira mbali ziwiri zimafika pasiwa: akumpingo atanyamula mabuku a nyimbo, akudambwe atanyamula ng'oma. Ana a malemu amafuna mtanda pamanda, amalume amafuna Kasiyamaliro. M'midzi ina adapeza njira yogawana nthawi, akumpingo n'kuchita zawo masana mpaka kuika, gule n'kudzatuluka tsiku lina. M'midzi ina akumpingo akangomva ng'oma amatseka mabuku n'kunyamuka, maliro ali pakhomo.