KUKONZA MALO OIMIKAPO MLONGOTI WA WI-FI PAMUDZI

Makalabu ena a alimi alikuganiza zogula kabokosi ka Wi-Fi kokhala panja, kuti anthu aziona pa foni m'mene soya ndi nshawa zilikugulidwira ku Chipata ndi ku Lusaka, ndiponso kumva za mvula. Kabokosika sikapanga intaneti pakokha ai. Kalandira pa cingwe kucokera ku makina ena, monga mbale ya Starlink imene inayamba nchito m'Zambia m'caka ca 2023, ndipo kagawira mafoni popanda waya. Cimene cisautsa kwambiri ndi malo okaikapo.

Mafunde a Wi-Fi afuna njira yoonekera, ndipo madzi awafooketsa. Tsamba laliwisi liri ndi madzi ambiri. Tsono anthu akasankha malo mu August, minda iri mbee ndi mitengo itayoyola masamba, adzaona ngati zonse ziri bwino. Koma pofika February cimanga cidzakhala citapitirira msinkhu wa munthu, thengo litabiriwira, ndipo foni imene inali kugwira pa sitolo idzangokhala duu, ndalama za kalabu zitapita kale. Cifukwa cace osankha malo ayenera kuimirira pamenepo ndi kukumbukira m'mene pamaonekera nthawi ya dzinja. Mango ndiwo oipitsitsa, popeza sataya masamba caka conse. Msangu wokha ndiwo ucita zosiyana, pakuti uyoyola masamba mvula ikayamba, monga adziwa alimi amene abzala cimanga pansi pace.

Zipupa za njerwa ndi madenga a malata nazonso zichinga mafunde. Ndipo popeza foni iyankha ndi mphamvu yocepa, nkwabwino kuti mlongoti ukhale pafupi ndi pamene anthu asonkhana, monga pa shedi ya koparetivu. Pacitunda cakutali ndi nyumba sipathandiza.

Mlongoti wa mamita 6 ufunika dzenje lakuya mita imodzi. Paipi yacitsulo iposa mtengo cifukwa ca ciswe. Amene alibe paipi agule bulugamu wothiridwa mankhwala. Simenti ipatsidwe sabata yathunthu kuti ilimbe, ikuthiriridwa madzi, asanakwerepo munthu. Malo a dambo ndi pansi pa mawaya a ZESCO apewedwe.

Cingwe cocokera ku makina a m'nyumba cisapitirire mamita 100, cifukwa kupyola apo sicigwira bwino nchito. Ndi canzeru kupima mtunda umenewu dzenje lisanakumbidwe. M'mabokosi ambiri magetsi ayenda m'cingwe comweco. Cikwiriridwe m'paipi, makoswe ndi makasu angacidule, ndipo polowa m'kabokosi cipindidwe colendewera pansi kuti madzi a mvula azidontha kunja. Kumene kulibe magetsi, sola iyang'ane kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka pfumbi, pamalo popanda mthunzi. Batire ikhale m'nyumba yokhoma.

Za mphenzi siziri zoseweretsa. Mlongoti wautali pabwalo uli pangozi mvula yoyamba ikamagwa mu November. Pafunika ndodo ya mkuwa yokhomeredwa pansi pozama, yolumikizidwa ndi waya wonenepa ku mlongoti, ndipo nchito imeneyi aicite munthu wodziwa za magetsi. Ana alangizidwe kusabisala pafupi ndi mlongoti mvula ikamagunda.

Simenti isanagulidwe, akomiti akaonane ndi a nyakwawa ndi mwini munda, ndipo cimene agwirizana cilembedwe m'buku la kalabu pamaso pa mboni. Mlongoti womangidwa kale subvuta kuukangana, koma ubvuta kuusuntha. Pambuyo pace amange kampanda koletsa ng'ombe kudzikhula pa mlongoti, ndi kulambula udzu kuzungulira malowo nyengo ya lupsa isanafike.