Nyumba yadothi imalimba ndi khonde

Alimi anzanga, ndalama za fodya, mtedza kapena soya zikangolowa m'thumba, ambiri timathamangira malata. Si zoipa ayi. Koma poyenda m'midzi pa ntchito yanga ya zaulimi ndimapeza nyumba zatsopano zamalata zitagwa khoma zisanathe ndi zaka zitatu zomwe, pamene pambali pake nyumba ya mdindo yofolera ndi udzu, imene anamanga agogo, idakali chiimire. Kusiyana kwake kuli pa khonde.

Amisiri akale ankadziwa kuti mdani wa khoma ladothi ndi madzi, ndipo kuti madziwo amabwera njira ziwiri: mvula yamphepo imamenya khoma, ndipo madzi otsika padenga amanyowetsa m'munsi mwake. Nchifukwa chake ankatulutsa tsindwi kutali ndi khoma, nkulichirikiza ndi nsanamira, kenaka nkuunjika dothi kuzungulira nyumba yonse kuti khonde likwere. Amayi ankalizira chaka ndi chaka. Ngakhale nyumba ya Mandala mumzinda wa Blantyre, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882 ndi njerwa ndi dothi, ili ndi khonde lalikulu, ndipo ilipo mpaka lero.

Masiku ano malata ndi okwera mtengo, choncho mwini nyumba amauza mmisiri kuti angopitirira khoma pang'ono. Madzi ochokera pamalata amagwera pamaziko penipeni. Zidina zimafewa, ndipo njerwa zootcha nazo sizithandiza ngati anazimangira dothi. Ikabwera mvula ya masiku angapo osakata, ngati ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, khoma limakhuta madzi kuyambira pansi nkukhala pansi. Khonde silingaletse mtsinje wosefukira, koma mvula yotere limaitchinga. Ine ndimalangiza kuti denga lipitirire khoma ndi masentimita 60 kapena kuposa, khonde likwere masentimita 30, ndipo kumtunda kwa nyumba mukumbe ngalande monga muchitira kumunda. Ndalama zikachepa, chepetsani chipinda, osati khonde.

Dothi lomangira nalo lili ndi mwambo wake. Lapamwamba lakuda lija ndi la mbewu, limawolerana m'khoma. Makande amafufuma akanyowa ndipo amang'aluka akauma. Mchenga wokhawokha umayoyoka. Labwino ndi katondo wokhala ndi mchenga wokwanira, ndipo la pachulu limafuna kulisakaniza ndi mchenga chifukwa ndi lomata kwambiri. Pomanga mdindo, dothi limathiridwa pang'onopang'ono pakati pa matabwa awiri nkumalisinja ndi mtengo mpaka litagwirana. Likhale lachinyezi chabe. Fumbatani lodzaza dzanja, muligwetse kuchokera m'chiuno. Likasweka zidutswa zingapo, lakwanira. Likaphwatalala ngati nsima yofewa, madzi achuluka, ndipo khomalo lidzang'aluka pouma.

Amene mukufolera ndi udzu, muziuona ngati mbewu imene mumakolola. Mwetani mu Juni kapena Julayi, utauma ndiponso njere zitayoyoka, moto wolusa usanaupeze. Chotsani masamba ndi zinyalala chifukwa ndi zimene zimasunga chinyezi. Kufolera kumayambira m'munsi kumka kumwamba, matsinde a udzu ataloza pansi, mzere uliwonse ukuphimba luzi la mzere wapansi pake. Denga likhale lotsetsereka ndithu, theka la kuimirira, kuti madzi asachedwepo. Kuyala pepala la pulasitiki nkuwazapo udzu wowerengeka, monga ambiri achitira tsopano, ndi kufolera kwa chaka chimodzi. Amisiri odziwa kufolera kwenikweni alipobe. Malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay amawalemba ntchito ndi kuwalipira, pamene kumudzi ena amati udzu ndi umphawi.

Chatisowa ndi mitengo. Makolo ankasankha muwanga ndi tsanya pa nsichi ndi nsanamira chifukwa chiswe chimailephera. Ife tatsala ndi bulugama ndi nsungwi, zimene chiswe ndi anankafumbwe sachedwa kuzilowa. Nsungwi dulani zokhwima, m'chilimwe, ndipo muziviike m'madzi masabata angapo musanamangire. Nsanamira muiimike pamwala, isakhudze dothi. Mwezi uliwonse zungulirani nyumba, ndipo mukaona kanjira ka chiswe kakukwera khoma, kagumuleni tsiku lomwelo.