Ulendo wa ku Kraków timauyamba ndi moyo wa anthu

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yoyenda wapansi ndi alendo mumzinda wa Kraków, ku Poland, n'kumawafotokozera mbiri ya Ayuda ndi ya nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, amaganiza kuti ndinangoloweza zaka ndi ziwerengero. Zakazo ndimazidziwadi, ndipo popanda izo ntchitoyi singagwirike. Koma mutu umandizungulira kwambiri posankha njira: tiyambire pati, tiime pati, chiti chinenedwe pakhomo liti. Ukasokoneza njira, mlendo amabwerera kwawo akudziwa mmene Ayuda a mumzinda muno anafera, osadziwa n'komwe kuti anali anthu otani.

N'chifukwa chake ndimayambira ku Kazimierz. Kumaliro kwathu, wopereka mbiri ya malemu sathamangira ku matenda, amayamba ndi kumene munthuyo anabadwira, ntchito yake ndi ana amene wasiya. Kazimierz unali tauni payokha, yomwe mfumu Kazimierz Wielki inakhazikitsa mu 1335. Ayuda anachuluka kuno kuyambira 1495, atachotsedwa mkati mwa Kraków potsatira moto umene unawononga mbali ya mzindawo. Pofika 1939 analipo oposa 60,000, ndiye kuti pa anthu anayi alionse a mumzindawu, mmodzi anali Myuda. Panali osoka zovala, maloya, madokotala, aphunzitsi, amalonda a pamsika, opemphera kwambiri ndi ena oti kusunagoge ankangopitako pa zikondwerero. Helena Rubinstein, mayi wotchuka pa malonda a zodzoladzola, anakulira kuno.

Masunagoge akale asanu ndi awiri akadali chiimire, koma amene ndimakhalitsapo ndi wa Remuh, mumsewu wa Szeroka, chifukwa anthu amapempheramo mpaka lero. Kuseri kwake kuli manda momwe munaikidwa Rabbi Moses Isserles, yemwe anamwalira mu 1572, ndipo zolemba zake za malamulo a Chiyuda zimaphunziridwabe. Tisanalowe ndimauza abambo kuti aphimbe kumutu, ndipo ndimafotokozeratu za timiyala timene aone pamwamba pa ziliza, poti Ayuda akazonda manda amasiya mwala, osati maluwa. Kenako ndimawaimika pakhoma la mandawo. Khomali linamatidwa ndi zidutswa za ziliza zimene zinaswedwa pa nthawi ya nkhondo. Ukayandikira umaona theka la dzina m'zilembo za Chiheberi, pambali pake manja awiri odalitsa, omwe ndi chizindikiro cha banja la ansembe, ndipo pena choikapo makandulo, chosonyeza kuti manda anali a mayi. Pamenepa mlendo amayamba kuwerenga yekha, ine ndangomuonetsa poyang'ana.

Ntchitoyi yambiri ndi ya maso. Pamafelemu ena a zitseko zakale pamaoneka kamphako kopendekeka, kudzanja lamanja, cha pamsinkhu wa phewa. Pamenepo pankakhala mezuzah, kachikwama kosungira mawu a m'Malemba. Munthu angadutse pakhomolo chaka chathunthu osakaona, koma akakaona kamodzi amayamba kusuzumira khomo lililonse.

Tsono pali chinthu chimene pafupifupi gulu lililonse limabwera nacho m'mutu, choti Kazimierz ndiyo inali ghetto, dera limene Ajeremani anatsekeramo Ayuda. Ayi ndithu. Chisokonezochi chinakula ndi filimu ya Steven Spielberg ya mu 1993, Schindler's List, imene mbali zina zoonetsa ghetto anazijambulira kuno, monga pabwalo la nyumba ya nambala 12 mumsewu wa Józefa. Filimuyi sindiinyoza, chifukwa yabweretsa anthu amene sakanabwera. Koma sindilola kuti mlendo ajambule masitepe a pabwalopo n'kupita akuganiza kuti waona pamene zinachitikira. Ghetto inali tsidya la mtsinje wa Vistula, ku Podgórze, ndipo timawoloka ndi miyendo yathu. Pali tigalimoto tamagetsi timene timazungulitsa alendo malo onsewa mwachangu, mawu ojambuliratu akulankhula. Kwa okalamba ndi odwala miyendo n'tothandiza, koma amene angathe kuyenda ayende, amve kutalika kwa mtunda umene mabanja anakankha ngolo zodzaza mabedi, mipando ndi mapoto mu Marichi 1941.

Ajeremani analowa mu Kraków pa 6 Seputembala 1939, ndipo Hans Frank anakhala m'nyumba yachifumu ya Wawel monga wolamulira. Mu 1940 Ayuda ambiri anathamangitsidwa mumzinda. Otsala, pafupifupi 15,000, anapanikizidwa m'dera limene kale munkakhala anthu pafupifupi 3,000. Mpanda wake unamangidwa ndi nsonga zozungulira zofanana ndi ziliza za Chiyuda, ndipo chigawo chake chilipobe mumsewu wa Lwowska. Sitima yapamsewu inkadutsa pakati pa ghetto osaima, itanyamula anthu opita kuntchito zawo. Ndimaitchula nthawi zonse, chifukwa imayankhiratu funso loti kodi anthu ena a mumzinda ankaona kapena ayi.

Pabwalo limene kale linkatchedwa Plac Zgody, lero Plac Bohaterów Getta, pali mipando yachitsulo yopanda okhalapo, yomwe inaikidwa mu 2005. Apa ndi pamene anthu ankasonkhanitsidwa asanatumizidwe kukaphedwa ku msasa wa Bełżec mu Juni ndi Okutobala 1942. Wolemba nyimbo za Chiyidishi, Mordechai Gebirtig, anawomberedwa mu Juni momwemo. Pa 13 ndi 14 Marichi 1943 ghetto inathetsedwa. Amene anaoneka kuti angagwire ntchito anapita ku msasa wa Płaszów, wolamulidwa ndi Amon Göth, ena anaphedwera m'misewu ndi m'mabwalo, ndipo otsala anatumizidwa ku Auschwitz. Pabwaloli ndimalankhula pang'ono. Sindikweza mawu, sindiwonjezera zomvetsa chisoni, ndipo sindifuna kuliza munthu dala. Amene amayesa ntchito yake ndi misozi ya alendo akuchita malonda ndi imfa za anthu, ndipo zimenezo ndimadana nazo.

Pakona pa bwaloli pali famase ya Pod Orłem. Mwini wake, Tadeusz Pankiewicz, sanali Myuda, koma anakhalabe momwemo mkati mwa mpanda. Iye ndi amayi atatu amene ankagwira naye ntchito ankapititsa makalata ndi uthenga, ankapereka mankhwala odetsa tsitsi kuti aimvi aoneke ngati akadali ndi mphamvu pa nthawi yosankha anthu, komanso mankhwala ogonetsa ana kuti asalire pobisala. Kabotolo ka mankhwala a tsitsi kamafotokoza bwino mmene moyo unalili kuposa chiwerengero chilichonse chimene ndingatchule.

Za Oskar Schindler alendo amafika akuzidziwa kale, choncho ndimangowongola apa ndi apo. Anali membala wa chipani cha Nazi, anabwera kudzapeza phindu, ndipo pamapeto pake anapulumutsa anthu pafupifupi 1,200. Zonsezo n'zoona pamodzi. Fakitale yake ya ziwiya, pa nambala 4 mumsewu wa Lipowa, inasanduka nyumba ya mbiri mu 2010, koma zambiri zimene zili mkatimo ndi za mzinda wonse pansi pa Ajeremani, osati za iye yekha. Chimene chimandipweteka n'choti ochepa kwambiri anamvapo za anyamata ndi atsikana Achiyuda amene pa 22 Disembala 1942 anaponya mabomba mu Cyganeria, malo omwera khofi omwe asilikali a Germany ankakonda. Pa chifukwa chimenechi ndimawatchula ngakhale malowo sali panjira yathu.

Funso lovuta limabwera tikatopa: nanga Apolishi anatani? Apa woperekeza alendo amakopeka kuti asangalatse amene akumumva. Ndimanena zonse. Dziko linalandidwa, Apolishi ambirimbiri anaphedwa, ndipo wobisa Myuda chilango chake chinali imfa. Panali gulu lachinsinsi la Żegota limene linkathandiza Ayuda. Panalinso anthu amene ankasaka obisala kuti awalande ndalama kapena awapereke. Ndipo pa 11 Ogasiti 1945, Ajeremani atachoka kale, khamu la anthu linaukira Ayuda ku Kazimierz, pa sunagoge wa Kupa, mayi wina wopulumuka kunkhondo n'kuphedwa. Mlendo wina amakwiya kuti ndatchula izi, wina amakwiya kuti ndatchula zinazo, koma kuchotsapo chimodzi ndiye kunama.

Ndimaonetsetsanso kuti asachoke akuganiza kuti Ayuda a kuno anatheratu. Ndi ochepa, koma alipo. Chikondwerero cha chikhalidwe cha Chiyuda chimachitika mu Kraków kuyambira 1988, ndipo mu 2008 anatsegula malo awo osonkhanirapo mumsewu wa Miodowa. N'chifukwa chakenso Loweruka sitilowa mu Remuh kapena kumanda ake: ndi Sabata, eni ake akupemphera. Amene akufuna kuona khoma la ziliza lija asankhe tsiku lina, avale nsapato zoti angayende nazo maola atatu pamiyala, ndipo za ku Auschwitz, womwe uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 70, azipatse tsiku lakelake.