Tsamba lolemera silikwera phiri

Tayesani kutsegula webusayiti muli kuseri kwa phiri la Ntchisi, kapena kumunsi kwa zitunda za ku Mvera. Kachizindikiro kamangozungulira, bandulo ikutha, tsamba osabwera. Ambiri timangonyoza netiweki. N'zoona, mapiri amatchinga mafunde ochokera pansanja za Airtel ndi TNM, mpaka foni imatsikira pa 2G ija yolembedwa E pakona. Koma mlandu wina ndi wa amene anakonza tsambalo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chilembo chimodzi chimatenga byte imodzi. Chithunzi cha pafoni chosachepetsa chimatha kufika 3 MB, zomwe n'zofanana ndi zilembo pafupifupi 3 miliyoni, mabuku angapo athunthu. Pa liwiro la 200 kbps, lomwe pa E ndi mwayi kulipeza, chithunzi chimodzicho chimadya mphindi ziwiri. Ndiye wina aunjike zithunzi zisanu pamwamba pa tsamba la sukulu, chonsecho kholo likungofuna tsiku lotsegulira teremu!

Nkhaniyi ndi yathu yomwe. Ku Dzaleka m'boma la Dowa, pamsasa wa anthu othawa kwawo womwe unatsegulidwa mu 1994, kuli TakenoLAB yomwe anayambitsa Remy Gakwaya wa ku Burundi, ndipo achinyamata amaphunzirako kulemba mapulogalamu. Kaya ndi kumeneko kaya kusukulu kwanu, woyamba HTML ndi CSS aliyense amakumana ndi funso limodzi: pamwamba pakhale chiyani?

Mu 2009 Luke Wroblewski analangiza kuti tiziyamba kukonzera foni, kompyuta ibwere pambuyo. Sikirini yaing'ono imakukakamiza kusankha, chifukwa malo a zokongoletsa palibe. Chaka chotsatira Ethan Marcotte anafotokoza njira yotchedwa responsive design: tsamba ndi limodzi, koma CSS imayamba yaona kukula kwa sikirini. Pakompyuta nkhani zimatha kuima m'mizere itatu yoyandikana, pafoni zimatsatana mumzere umodzi wotsika. Apa ndiye pofunika nzeru, poti chomwe mwaika pomalizira mu HTML chikathera pansi penipeni, komwe ambiri safikako.

Choncho deti, fizi ndi nambala ya ofesi zikhale pamwamba, zolembedwa ngati mawu, osati chithunzi cha chikalata cha ahedi. Zithunzi zichepetsedwe kufika cha m'ma 100 KB. Mabatani akule moti chala chachikulu chisadine awiri. Zilembo zotuwa pamalo oyera zimaoneka bwino m'labu, koma padzuwa la Okutobala pamsika wa Mponela siziwerengeka.

Kanthu kena: lembani mu HTML kuti mukugwiritsa ntchito UTF-8, apo ayi ŵ wa mu "Malaŵi" akhoza kusanduka tizizindikiro tachilendo.

Mukamaliza, musayesere pakompyuta yokha. Bwerekani foni yotchipa, tulukani panja pomwe netiweki imavuta, muwerenge masekondi. Kenaka tsegulani webusayiti yoyamba padziko lonse, yomwe Tim Berners-Lee anakonza ku CERN ndipo anthu anayamba kuiona mu 1991. Ikadalipo, ndi mawu ndi malinki basi. Muone kuti iyambe kutseguka ndi iti.