Nsomba yoimba ng'oma: yaikulu muziibweza m'madzi

Mukakhala m'kaboti usiku m'magombe a Texas kapena Louisiana ku America, injini mutazimitsa, nthawi zina mumamva kugunda kochokera pansi pa madzi ngati wina akuimba ng'oma patali. Imeneyo ndi black drum, nsomba ya m'madzi amchere yomwe imagunditsa minofu pa kathumba kake ka mpweya, makamaka nyengo yoswana, kuyambira Febuluwale mpaka Epulo.

Nsombayi imadyera pansi. Kunsi kwa chibwano ili ndi tindevu tofufuzira chakudya m'matope, ndipo kukhosi ili ndi mano ophwanyira zigoba za nkhanu ndi nkhono. N'chifukwa chake alimi oweta nkhono za oyster ku Louisiana amadana nayo. Gulu la nsombazi likafika pomwe mlimi wangofesa kumene tinkhono take, amakapeza zigoba zokhazokha.

Mlimi akamalira, msodzi amadziwa pokaponya mbedza. Ngati mukuifuna, pitani pomwe pali nkhono, m'mbali mwa mizati ya milatho, kapena m'mipata yomwe madzi a m'nyanja yaikulu amalowera kugombe. Pitani madzi akamakwera kapena akamaphwera, chifukwa akangoti zii nsombayi siidya bwino.

Ubwino wa kaboti kakang'ono ndi woti kamafika posaya pomwe boti lalikulu lingatitimire m'matope. Koma kamafuna ulemu. Zimitsani injini mukadali patali, tsitsani nangula mwakachetechete, ndipo musagwetse zitsulo pansi m'botimo, poti phokoso limayenda msanga m'madzi. Posaya kwambiri mutha kuona mchira uli pamtunda nsomba itazika mutu m'matope. Ponyani nyambo patsogolo pake, osati pamsana pake. Jekete yoyandamitsa muivale, osati kuikhalira, chifukwa m'nyengo yozizira mphepo ya kumpoto imabuka mwadzidzidzi m'magombe amenewa.

Nyambo yake ndi shrimp yakufa kapena nkhanu yodula pakati, yomangirira mtovu kuti ikhale pansi. Nsombayi imatsata fungo kuposa maso. Ikafika siithamanga nayo nyambo, imayamba yailawalawa. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa pokoka msanga. Dikirani chingwe chiyambe kuyenda chokha, kenako kungani pang'onopang'ono. Mbedza yopindikira mkati, yomwe amaitcha circle hook, imakola pakona ya kamwa, motero nsomba siivulala m'mimba.

Tsono nkhani yagona pa msinkhu. Black drum imakula zedi: ina yomwe inagwidwa ku Delaware mu 1975 inalemera makilogalamu 51, ndipo nsombazi zimatha kukhala zaka zoposa 40. Msodzi aliyense amalakalaka chimphona chotere, koma mumphika n'chokhumudwitsa. Mnofu wake ndi wolimba, ndipo kawirikawiri mumakhala tinyongolotsi toyera, tosavulaza munthu koma tochotsa mudyo. Yokoma ndi yocheperapo, makamaka ija ikadali ndi mizere yakuda m'nthiti, mizere yomwe imazimirira nsomba ikamakula.

Lamulo la ku Texas limalola munthu kutenga zisanu patsiku, zotalika mainchesi 14 mpaka 30, omwe ndi masentimita pafupifupi 36 mpaka 76. Mwa zisanuzo, imodzi yokha ingakhale yoposa mainchesi 52. Zonse zapakatipo, zomwe zambiri ndi zoikira mazira ochuluka, zimabwerera m'madzi. Inu amene mumaweta ziweto mukudziwa kale kuti mbuzi yobereka bwino siiphedwa chifukwa cha ndiwo za tsiku limodzi.

Kubweza nako kuli ndi kachitidwe kake. Yaikulu musailendewetse pa mbedza kapena kuikola zala momwe imapumira, chifukwa kulemera kwakeko kumaivulaza mkati. Nyowetsani manja, dzanja lina ligwire kumchira lina lichirikize mimba. Ngati n'kotheka chotsani mbedza nsomba ili m'madzi momwemo, ndipo muigwirebe, mutu utaloza komwe madzi akuchokera, mpaka itapiriphita yokha n'kukupulumukani.